Anakhoma ndi Const

"Mayina a odwala oyembekezera magazi apita kuti?" anafunsa bwana, akuloza kompyuta.

Wolemba mapulogalamu a kompyutayo anayankha kuti, "Mndandandawo ndinaulengeza ndi lamulo lokhoma la const, bwana, osati lomasuka la let. Sungasinthe."

"Const amangoletsa kusinthanitsa bokosilo ndi lina. Zam'kati munthu amatulutsa bwinobwino. Miyezi itatu osaoneka kunyumba, koma izi simukuzidziwa? Longedzani, ntchito yatha."

Wolemba mapulogalamuyo anafika kwawo dzuwa lili paliwombo. Loko anali chikhomere, dzina lake likadali pachitseko, ndipo mtima unakhalako pansi.

Atatsegula anaponda kiyi wa mkazi wake, wolowetsedwa kunsi kwa chitseko. Makatani munalibe, tinsapato ta mwana munalibe. Nyumba yokha ndiyo inali yomwe ija.