Makutu a mwana wa achimwene

Panali mayi wina woluka tsitsi mu saluni. Izi zinachitikadi, musati ndapeka.

Mayiyu ankakonda filimu ina ya zigawozigawo, ya mtsikana wosesa mu hotela amene sankawadziwa bambo ake. Pa foni anali m'gulu la anthu okonda filimuyo, ndipo ntchito ya gululo inali imodzi basi, kukangana kuti bambo a mtsikanayo ndani. Ena ankati ndi dokotala. Iye ankati ndi mwini hotela, ndipo umboni wake unali makutu. Ankaimitsa filimu, n'kujambula nkhope ziwirizo, n'kuzunguliza makutu ndi mzere wofiira. M'gulumo anamupatsa dzina loti Ajaji, iye n'kumadzimva.

Mnzake wotsuka mitu mu saluni momwemo anamuuzapo kuti, "Asisi, anthu awa ndi azisudzo. Si pachibale. Wina kwawo uku, wina uko. Makutu afanana bwanji?"

"Iwe tsuka mutu wa kasitomala. Za magazi utisiyire ife odziwa."

Tsiku lina bambo wina m'gulumo anamuseka. Analemba kuti, "Ajaji lero mwagwa nayo. Makutu si umboni, pitani mukaluke tsitsi." Anthu anaseka. Mayi uja anapsa mtima. Anasiya mutu wa kasitomala uli theka n'kuyamba kufufuza zithunzi mu foni. Anapeza cha tsiku lobadwa la mwana wa mchimwene wake. Mchimweneyo, dalaivala wa thiraki, anali atanyamula mwanayo, ndipo kumbuyo kwawo kunkaoneka neba wawo wowotcherera zitsulo atasenza mipando.

Anazunguliza makutu a atatu onsewo, n'kutumiza, n'kuwonjezera mawu: "Makutu sanama. Awa ndi achimwene anga enieni, makutu ogona. Onani a mwana, oima ngati chogwirira kapu. Tsono onani a bambo ali kumbuyowo. Ine sindinanene kanthu."

Mnzake uja atasuzumira pa foniyo anatseka mpopi. "Asisi, fufutani msanga chimenecho."

"N'zocheza izi. M'gulumu mulibe amene amawadziwa."

"Onse ali mmenemo mumawadziwa inu?"

Sanafufute. Anthu anali akumuyamikira kuti Ajaji ndi akatundu, ndipo zinkamukomera.

Koma m'gulumo munali mkazi wa dalaivala wina. Anaonetsa mwamuna wake, mwamunayo anatumizira anzake, mpaka chithunzi chinamupeza mchimwene uja ali pa ulendo, pamodzi ndi mawu a mlongo wake. Madalaivala anzake anayamba kumufunsa kuti, "Kodi akulu, geti ya kwanu amawotcherera ulere?"

Sanaimbire foni aliyense. Anangotulukira pakhomo, mkazi wake akuyanika zovala. Anamuika foni pamphuno.

"Mlongo wanga wa bere limodzi angandinamize?"

Mkaziyo analira, analumbira, anamugwira miyendo. Iye anamukankha n'kuwoloka msewu. Neba uja anali atawerama, akuwotcherera chitseko. Atamva mapazi anakweza magalasi ake n'kumwetulira.

"Aneba, mwafika liti?"

Mchimwene uja anatola paipi. Paipi yachitsuloyo inamupeza neba uja m'mutu. Anamwalira akupita naye kuchipatala, n'kusiya mkazi ndi ana atatu.

Kukhoti, mkazi wa malemuyo ananena chinthu chimodzi chokha. Iwo anasamukira m'dera limenelo mwana uja akuyenda kale, ndipo kale lonse mabanja awiriwa sankadziwana n'komwe. Mchimwene uja anagwetsa nkhope pansi. Ankazidziwa bwino, poti tsiku limene anebawo ankasamukalo ndi iye amene anawathandiza kutsitsa katundu. Koma munthu akapsa mtima sawerenga zaka. Anamugamula kuti akakhale kundende, ndipo akadzatuluka adzapeza mwana wake ali ndi ndevu.

Gulu la pa foni lija linamuchotsa mayi uja tsiku lomwelo, n'kupitiriza kukangana za dokotala ndi mwini hotela ngati palibe chachitika. Mu saluni makasitomala anatha. Ndani angapereke mutu wa mwana wake kwa munthu woyeza makutu?

Masana ena, mayi uja ali yekha pa mpando wopanda ntchito, analowa mlamu wake atagwira mwana uja padzanja. Kunja kunali kotentha koopsa, koma mwanayo anali atavala chipewa chaubweya, atachikokera mpaka m'masaya. Kusukulu anzake ankamukoka makutu n'kumamutcha mwana wa wowotcherera.

"Alamu, mwana uyu ali ndi funso," anatero mlamuyo. "Ine ndamuyankha mpaka pakhosi pauma, sakundikhulupirira. Akuti odziwa ndinu. Muyankheni."

Mwanayo anayang'ana pansi. "Azakhali, bambo anga ndi ati? Amene ali kundende, kapena amene anafa aja?"

Mayi uja anagwada, misozi ili mbwembwembwe. "Ali kundende, mwanangu. Bambo ako ndi achimwene anga. Ine ndinkangocheza."

"Ndiye tsiku lija munanama, kapena mukunama lero?"

Mlamu uja anangomukoka mwanayo n'kutuluka naye, osatsanzika. Mpaka pano mwana ameneyo amagona ndi chipewa.

Phunziro: Za m'filimu zizithera pa filimu pomwepo. Azisudzo akamaliza amasamba n'kupita kwawo, koma mwana wa m'bale wako alibe kwina kopita. Usaike nkhope ya mwana wa munthu m'gulu pofuna kupambana mkangano, ndipo iwe wolandira, funsa kaye usananyamule chitsulo. Mnzako akati fufuta, fufuta, chifukwa wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Tumizirani anzanu onse a m'magulu a mafilimu, asanazungulize makutu a mwana wanu.