Shushu wa Padenga

Kandege kaja kanabweranso Anesi akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba. Kanatulukira kumunda wa tiyi, kakulira ngati njuchi zosamuka, n'kuima pamwamba penipeni pa dimba lake. Munthu munalibe m'katimo, koma diso kanali nalo. Aliyense pa nyumba za antchito a esiteti ankadziwa kuti n'ka apolisi, ndipo kakusaka chamba.

Anesi analibe chamba. Anali ndi mpiru, therere, chinangwa, komanso shushu amene anayanga khoma mpaka kukuta denga lonse. Komatu mantha safunsa ngati walakwa.

"Inu a Anesi, musatenge zinthu mwachibwana," anatero Betty wa nyumba yoyandikana, akusuzumira pampanda. "Kumwambako masamba a therere ndi chinangwa amaoneka ngati chamba. Ndiye ndi nkhani ya bambo akunyumbayi, mukuganiza kuti kakufuna ndani?"

Nkhaniyo inali ya mapaipi. Stewart, mwamuna wa Anesi, anali mlonda wa nazale ya tiyi, ndipo mapaipi othirira anasowa iye ali pa ntchito. Apolisi anasecha m'nyumba mpaka kunsi kwa bedi, osapeza kanthu. Stewart anatuluka pa belo. Umboni ukapanda kupezeka, mlandu udzatha, ntchito n'kubwerera, nyumba ya esiteti osawalanda. Anesi ankalumbira kulikonse, kumsika ndi kutchalitchi komwe, kuti mwamuna wake akumunamizira, ndipo ankalumbira ndi mtima wonse.

Tsopano Stewart anali kumaliro ku Thekerani, foni yake yosapezeka. Mtima wa Anesi unali m'mwamba. Apolisi akafuna munthu sasowa pomugwirira. Akangonena kuti pakhomo pano pali chamba, belo yatha, ana atatu akagona kuti?

M'mawa mwake kunagwa chiperoni, nkhungu yoti sungaone ngakhale mzere woyamba wa tiyi. Kandege sikakanauluka. Anesi anamanga chitenje m'chiuno, natenga khasu. Therere lija linali litangoyamba kubala, koma analizula lonse misozi ikulengeza. Chinangwa anachikumba chisanakhwime. Zonse anakaponya kudzenje la zinyalala n'kukwirira.

Kenako anayang'ana shushu. Ameneyu anali wa Stewart. "Zam'dimbamu ndi zanu, koma uyu ndi wanga," ankatero. "Musamukhudze, ndiye amaziziritsa malata." Ngakhale pothyola wapamwamba ankakwera yekha, poti mkazi sakwera padenga, ndipo Anesi sanaganizepo zokwera.

Koma dzulo kandege kaja kanachedwa kwambiri pamwamba pa masamba amenewa. Mwina ankaganiza kuti kunsi kwake akuyanikako fodya wamkuluyo. Ayi, aone okha kuti pano palibe chobisa. Stewart adzakalipa, inde, koma ndi bwino kukalipa uli pakhomo kusiyana ndi kukhala chete uli kundende. Anesi anadula tsinde, nakola ziyangoyango ndi nsungwi yaitali, n'kumakoka ali pansi mpaka zonse zinagwa mulu. Dzuwa litang'amba nkhungu, m'mphepete mwa malata munawala.

Kandege kanabwera masana. Kanaima, kanatsika pang'ono, kanazungulira denga kawiri, n'kupita. Anesi anakaweyulira dzanja. Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anadya chakudya n'kuchimva kukoma.

Galimoto ya apolisi inafika dzuwa litapendeka. Agalu anauwa, anthu anatuluka m'nyumba n'kuima pataliko, manja m'khosi. Anatsika wapolisi wamkazi, wooneka wofatsa, atanyamula foni yaikulu.

"Ndinu akunyumba kwa a Stewart?"

"Ndine, bwana. Lowani m'dimbamu muone nokha. Mulibe chamba muno."

"Tikudziwa, mayi. Therere timalidziwa, nafenso timadya. Dzulo tinaona kuti ndi ndiwo chabe, moti dera lino tinali titathana nalo. Lero kandegeko kamangodutsa popita kumtsinje."

Anatembenuza foni ija kuti Anesi aone. Pachithunzipo panali denga lake, loyera bwino monga analisiyira. Pakati pake panagona mapaipi a esiteti, omangidwa ndi waya mwaluso, mfundo zake zomwe zija Stewart amamangira mpanda.

"Tibwerekeni makwerero, mayi," anatero wapolisiyo. "Ndipo amene wayeretsa dengali watithandiza kwambiri."