Disiki ya Kamera ya Pageti

Mayi wina anaika kabokosi patebulo la wokonza makompyuta, pakati pa mawaya ndi mafoni akufa. Kanali kakompyuta kochepa ngati sopo, koyendetsa kamera ya pageti pake. Pambali panalendewera disiki yosungiramo mavidiyo.

"Ndikufuna ndione amuna anga akutuluka Lachiwiri m'mawa," anatero.

Wokonzayo sanafunse zambiri. Amayi otere anali atawazolowera. Amabwera maso ali psuu, akupotokola mphete pachala, kufuna kudziwa galimoto imene inaima pageti ndi nkhope ya amene anatsikamo.

Analumikiza kabokosiko kumagetsi. Kanayaka bwinobwino, koma disiki ija kanangoisiya ngati sikakuidziwa.

"Anakuikirani ndani zimenezi?"

"Iwo omwe. Zogwiragwira ndiye kudya kwawo."

Anatsegula fayilo imene kabokosi kamawerenga kakamayaka, yokauza madisiki oti kalumikize. Munalibe mzere wa disikiyo. Bambowo anailumikiza pamanja tsiku loika kamera, koma sanailembe m'fayilomo. Magetsi atangothima koyamba, kabokosi kanadzuka kopanda disiki. Kuchokera pamenepo kamera inkangoyang'ana msewu, osasunga kanthu.

Mwina anaiwala, mwinanso ayi, anaganiza wokonzayo. Amuna ena ndi akathyali.

"Pepani, mayi. Za Lachiwiri mulibe. Muli vidiyo ya tsiku loikalo basi."

"Ndionetseni yomweyo."

Anaitsegula. Munali mayiyo yekha, akusesa pageti, kenako akuseka n'kubisa nkhope kwa munthu amene anali pamakwerero, kuseri kwa kamera. Mayiyo anaionera mpaka kumapeto, dzanja lili pakamwa.

Wokonzayo anamva chisoni, nafuna kuti asabwerere chimanjamanja. Analemba mzere wosowawo: nambala ya disiki, malo oilumikiza, ndi lamulo loti izilowa nthawi iliyonse kabokosi kakayaka. Anakazimitsa, n'kukayatsanso. Kanyali ka disiki kanayamba kuphethira. Anayesanso kachiwiri, zinatheka.

"Basi, zakonzeka. Magetsi azithima mmene angathere, izilumikizika yokha. Akadzangotulukanso bambowo, mudzawaona ndi maso anu."

Mayiyo anakulunga waya pang'onopang'ono, naika kabokosi m'chikwama.

"Sadzatulukanso, achimwene. Tinawaika m'manda Lachisanu. Lachiwirilo, tsiku limene anachita ngozi, anatsanzika ine ndili kubafa, ndinangomva geti likutsekeka. Ndimangofuna ndiwaone akuyenda."