Singano za Nungu, Ulusi wa Kangaude

Padangotero, kaya muli nane kaya ayi. Kangaude ankaluka timaluwa ta madoilo, kamfundo pamwamba pa kamfundo, ulusi akuusolola m'mimba mwake. Nungu ankangobwereketsa munga wake kuti ukhale singano. Koma ku ukwati wa mwana wa Gwape, amene anayala madoilowo n'kuwomberedwa m'manja anali Nungu.

"Achimwene, inu mwayamba liti kuluka?" anafunsa Kangaude.

"Popanda singano yanga, mlongo wanga, mukanaluka ndi chiyani? Mano?"

Gwape anati aliyense aluke duwa limodzi pomwepo, nyama zonse zione mwini ntchito. Nungu anagwedeza msana, singano zinangoti mbwee, koma ulusi analibe. Kangaude anali atawonda kale ndi ntchito ya ukwatiwo. Anasolola kaulusi kotsala m'mimba, n'kumamanga ndi miyendo yokha. Atamanga mfundo yomaliza ya duwalo anapinda miyendo, osadzukanso.

Nyama zinavomereza kuti mwini ntchito ndi Kangaude. Kenaka ng'oma inayambiranso, poti mowa unali usanathe. Pamaliro, amene anapatsidwa mpata woyankhula anali Nungu yemweyo, ndipo analira kuposa ana amasiye.