Basi Yoyamba ya a Milimita

A Milimita anagwadanso pa pulatifomu yokwererapo basi, tepi ili m'manja. Kanali kachisanu kuyeza m'mawa umenewo, ngati kuti simenti imakula munthu akayang'ana kumbali.

Dzinali anawapatsa ndi anzawo a ku ofesi ya mapulani a mzinda. Zaka zinayi zathunthu bambowa ankadya ndi kulota mabasi othamanga, oyenda m'njira yawoyawo. Ndi iwo anaumirira kuti masiteshoni amangidwe pakati pa msewu. Ndi iwonso anakangana ndi amisiri mpaka kusasa mawu, kuti pulatifomu ilingane ndi pansi pa basi, wokwera asamachite kukweza mwendo. Ku ofesi yogula mabasi anatumizako makalata khumi ndi awiri, onse onena za msinkhu.

Tsikuli basi yoyamba inkabwera kudzayesedwa. A Meya analipo, atolankhani analipo, koma amene a Milimita ankawaopa zenizeni anali mayi awo, amene anakhala pa benchi atatsamira ndodo. Maondo anawaletsa kalekale kukwera minibasi, ndipo mwana wawo anawalonjeza kuti adzakhala oyamba kulowa, ndi miyendo yawo.

"Zondinyamula ngati thumba pamaso pa anthu sindikuzifuna," anatero mayiwo.

"Amayi, ndayeza. Ngakhale dzira likhoza kugubuduzika n'kulowa osasweka."

Pakamwa panali polimba, koma mtima unali m'mwamba.

Itangokwana teni koloko, basi inatulukira, yofiira psuu, ikudutsa magalimoto amene anali atapanikizana m'mbalimo. Inaima mwaulemu pafupi ndi pulatifomu. A Milimita anagwada n'kuyika tepi. Ndendende! Sizinasiyane ngakhale ndi tsitsi limodzi. Misozi inalengeza m'maso mwawo, pakuti chimwemwe chotere anachimva komaliza tsiku la ukwati wawo. A Meya anawagwira chanza, anthu n'kuomba m'manja.

Kenako anagwira mayi awo pamkono n'kuyenda nawo pang'onopang'ono, makamera akuthwanima. Atafika pa basipo anaima. Mayiwo anayang'ana uku ndi uku, n'kugogoda ndi ndodo yawo.

"Mwanangu, ndilowere pazenera?"

Dalaivala anasuzumira panja, akukanda m'mutu.

"Pepani bwana, khomo lili mbali inayi, ya kumsewu. Mabasi onse makumi anayi abwera otero."