Jekete la Salaula Panjira ya Kumanda

Amayi awiri ochokera kuchigayo atataya mabeseni n'kuthawira m'tchire, m'pamene Imelda anazindikira chimene wavala.

Iye ankangofuna kukakhala munthu wa makina m'sewero la ana amene ankawaphunzitsa kusukulu ya mishoni. Singano analibe. Jekete lakuda la salaula analimanga ndi mawaya, pachifuwa anapachika tcheni ndi belu la njinga, kumaso anakulunga chiguduli n'kuvala magalasi a owotcherera zitsulo. Mng'ono wake anapota waya zolimba kumbuyo kwa khosi kuti chigudulicho chisagwe panjira yopita kusukuluko.

Tsopano njirayo inali itafika pamanda a ku Zemba, ndipo m'mitengo munkalira chisekese.

Chilombo chinatulukira, matope thupi lonse, nthenga kumutu, chikwanje m'manja. Pambuyo pake panali bambo wochiperekeza. Onse awiri anaima.

Imelda anagwira waya uja n'kukoka. Unamucheka chala, koma sunamasuke. Anati agwade monga amachitira akazi, koma bondo litangopindika belu linalira, ngati akuchiputa dala.

Bambo uja anasiya kugwedeza chisekese. Anayang'ana chiguduli, magalasi, kenako mapazi. Thalauza ndi nsapato zinali zachimuna, za salaula yomweyo.

"Gule ameneyu sitimudziwa kuno," anatero bamboyo mosakweza mawu. "Mwatuluka dambwe liti, akulu?"

Chilombo chinasendera pafupi mpaka Imelda anamva fungo la matope. Analuma mlomo mkati mwa chigudulimo. Akangoyankha, amva kuti ndi mkazi.