Ana a Mtengo wa Odum

"Mtengowu si wanu, madala, ndi wa boma," anatero mkulu wa ocheka matabwa uku akuwaonetsa a Twumasi chikalata chachidindo. "Wanu ndi koko yekhayu amene munadzala m'munda muno."

"Bomalo linali kuti pamene ndinkauteteza ku moto?" anafunsa a Twumasi.

Makina analira, ndipo mtengo wa odum umene a Twumasi anausiya dala zaka makumi atatu zapitazo kuti uzitchingira koko wawo dzuwa unagwa, n'kuphwanya mizere isanu ya koko. Thirakitala yokoka chipikacho inapondaponda zotsala.

A Frimpong a munda woyandikana nawo, amene anawotcha mitengo yawo yonse kalekale, anaima m'malire akupukusa mutu.

"Tinkakuuzani, achimwene, kuti mtengo wautali umaitana alendo. Kwanga koko akupsa ndi dzuwa, inde, koma thirakitala sinapondeko."

Mvula itabwera, mwana wawo wamkazi, Afrakoma, anawaitana pafupi ndi chitsa chija.

"Ababa, bwerani muone! Wasiya ana!"

Timitengo ta odum tinali titamera mbali zonse, tobiriwira. A Twumasi anagwada n'kusisita katsamba kamodzi ndi chala, nthawi yaitali ndithu.

"Tathanzi iti," anatero motsitsa mawu. "Tidzaposa mayi wake."

Kenako anayamba kutizula, kamodzikamodzi, ndi mizu yomwe.

"Ababa, mukutani?"

"Munda uno udzakhala wako, mwanangu," anayankha osadzutsa mutu. "Sindikufuna kukusiyira alendo."